Bango la Alamu

Chibwerere ku migodi ya ku Joni, a Yoramu sankapita kumaliro kapena kudima, ankangokhala pakhonde ndi galamafoni yawo, jekete lili pathupi ngakhale dzuwa liswe mtengo. Tsiku lomwe anamwalira a Eliya a ku Nsipe, mlamu wa a Yoramu, Maynard, munthu amene ukamuuza kuti dikira pano umamupeza pomwepo mawa lake, anafika ndi khasu ndi bango.

"Wawa alamu. Tagonani pansi ndikuyezeni."

"Mundiyeze chiyani? Ndinu telala?"

"Adzukulu anena kumanda kuti wosakumbira anzake adzadzikumbira yekha. Ndiye ndati tiyambiretu, dothi likadali lofewa."

"Kawauzeni kuti ine ndinakumba zokwana. Sindifuna munthu."

"Chabwino," anatero Maynard, akuyeza bango pamsana pawo. "Kukumba mukumba. Nanga kulowamo?"

"Ndidzalowa ndekha."

"Mutafa kale kapena musanafe?"

A Yoramu anakweza galamafoni.

"Komanso kukwirira, alamu. Ndaganiza njira yonseyi, sindikuona kuti mudzafikira bwanji khasu muli pansi."

"Adzakwirira mkazi wanga."

"Achemwali a Lufina? Akazi sakwirira. Iwo adzalira basi, koma okha sadzamveka kutsidya. Nyimbo?"

"Iyi idzaimba," anatero, akusisita galamafoni.

"Adzapukusa ndani?"

Mbale inatha, singano n'kumangokanda.

"Mnzanga Jasper mwala unamukwirira mumgodi ine ndikuona," anatero a Yoramu motsitsa mawu. "Belu linalira, tinalowanso. Palibe anaimba. Chiyambire pamenepo, ndikaona dzenje mtima umandithawa, tulo osabwera. Mwamva tsopano?"

Maynard anakanda m'mutu. Chisoni chinamugwira ndithu, koma mutu wake umayenda njira imodzi ngati ng'ombe ya pangolo.

"Pepani alamu. Ndiye lanulo tikumbe losaya. Lofika m'mawondo."

"Afisi andifukule?"

"Mudzawathamangitsa nokha. Paja simufuna munthu."

A Yoramu anaimirira, anavula jekete lija koyamba chibwerere, nalipinda bwinobwino.

"Bweretsani khasulo."

"Tiyambire pati? Paseli pa khola?"

"Kwa a Eliya. Ndikanjenjemera mukandigwire, ndipo musakauze munthu."

Maynard anawatsatira, akupukusa bango lija. "Nanga ili nditaye?"

"Sungani. Mukapitiriza kundichezera chonchi, woyamba kuyezedwa ndinu."