Wotchi Yotsogola ya Malemu a Mphindi

Anamfedwa, abusa, abale ndi alongo, ndaima pano m'malo mwa banja kuti ndiwerenge mbiri ya achimwene anga, amene tonse tinkawatchula kuti a Mphindi.

Malemu anabadwa m'chaka cha 1961, m'nyumba ya kuseri kwa siteshoni ya basi ija. Anali oyamba mwa ana anayi, ine ndine mzime. Sukulu anaphunzira mpaka sekondale, ndipo aphunzitsi ankawadandaula pa chinthu chimodzi chokha: ankafika alonda asanatsegule geti.

Atamaliza sukulu anaphunzira ntchito yokonza mawotchi kwa amalume athu. Mu 1985 anatsegula kashopu kawo pafupi ndi msika, momwe munali tebulo limodzi, kagalasi ka padiso, ndi timabotolo todzaza tizitsulo ting'onoting'ono toti ukayetsemula sungatipezenso. Kasitomala aliyense ankamuuza kuti adikire mphindi ziwiri zokha, ndipo zinkakhaladi ziwiri. Dzina lija linachokera pamenepo.

Mu 1988 anamanga banja ndi alamu athuwa, omwe ankasoka madiresi m'shopu yoyandikana nayo. Kuyambira tsiku la ukwati, wotchi iliyonse ya m'nyumba mwawo, ya pakhoma ndi ya pamkono yomwe, inkatsogola ndi mphindi khumi. Ankatero dala, ati sankafuna kuti munthu aziwadikira. Alendo tinkasokonezeka, koma alamu anazolowera.

Ku mpingo anatumikira ngati mkulu kwa zaka makumi awiri, ndipo belu ankaliza ndi iwo. Abusa ali panowa angachitire umboni: ulaliki ukatalika, malemu ankakweza mkono ngati akukanda m'mutu, wotchi italoza ku guwa.

Atakwanitsa zaka 60, dokotala anawauza kuti mpando wa m'shopu uja wawalemeretsa thupi. Anayamba kuyenda m'mawa, kenako kuthamanga. Ndivomere pamaso panu, amene anaseka kwambiri ndine. Munthu wa imvi, kabudula wamfupi, timiyendo ngati ta tebulo la m'shopu! Iwo sankakwiya, ankangondiyang'ana pamimba n'kumwetulira.

Chaka chatha anatiuza kuti akufuna kuthamanga marathoni, mpikisano wa makilomita 42. Ku kalabu yawo ya othamanga kuli lamulo: kuti upatsidwe nambala ya marathoni, uyenera kumaliza mipikisano isanu ya pamsewu, umodzi mwezi uliwonse, nthawi yotsekera isanakwane. Ukaphonya umodzi, udikire chaka chinacho. Malemu ankati mawondo awo alibe chaka china choti adikire.

Wa makilomita khumi anamaliza akucheza ndi anzawo. Wa 15 unali wa mvula. Pa wa 21 chikhadabo cha chala chachikulu cha kuphazi chinazuka, ndipo anachisunga m'kabotolo ka m'shopu mpaka alamu anachitaya. Wa 25 anaumaliza mwakachetechete. Nsapato zatsopano za marathoni anaguliratu, zachikasu zowala, n'kumazivala ndi suti ku tchalitchi kuti zifewe. Akwaya mukuzikumbukira.

Wachisanu unali wa makilomita 32, woyamba 6 koloko, wotseka 10 koloko. Dzuwa linawala molapitsa tsiku limenelo. Atatsala ndi mtunda wosakwana kilomita imodzi, pa chitunda cha pafupi ndi malo omwetsera mafuta, malemu anayang'ana pamkono. Wotchi inati 10 koloko. Anaima, anakhala pansi m'mphepete mwa msewu, n'kuyamba kumasula zingwe za nsapato. Anatiuza pambuyo pake kuti mtima unawawa kwambiri, miyezi isanu yonse yapita pachabe.

Kutopa n'koipa, abale. Munthu wokonza mawotchi zaka makumi anayi anaiwala wotchi yake yomwe. Mwamwayi alamu anali ataima pachitunda pomwepo ndi botolo la madzi. Alamu ofatsa awa anakuwa mpaka ogulitsa mafuta anasiya makasitomala: "Bambo a ana, wotchi yanuyo imatsogola! Mwaiwala? Tadzukani, inu!" Malemu anadzuka, chingwe chimodzi chili lende, n'kuthamanga motsimphina. Anadutsa pa mzere womalizira kutatsala mphindi ziwiri. Ine ndinali pamzerepo, ndipo tsiku limenelo sindinaseke, ndinalira.

Patapita masabata atatu anayamba kudandaula m'mimba. Kuchipatala anapeza kuti chiwindi chawonongeka kwambiri. Nambala yawo ya marathoni, 417, anzawo a ku kalabu anawabweretsera ali pabedi. Anaigwira nthawi yaitali, n'kupempha namwino kuti aimate pakhoma. Sanadandaule ayi. Aliyense wobwera kudzawazonda ankamuonetsa nambalayo n'kumuuza kuti mipikisano isanu yonse anamaliza, ndipo sanaipatsidwe mwachifundo.

Lolemba masana anavula wotchi ija n'kuwapatsa alamu. Anati, "Mayi a ana, muibweze ikhale pa nthawi yake. Kulibenso komwe ndikuthamangira." Alamu anaibweza mphindi khumi zija, n'kuwavekanso. Anatisiya Lachiwiri m'mawa, ali ndi zaka 64.

Malemu asiya akazi awo, ana atatu, aakazi awiri ndi wamwamuna mmodzi, zidzukulu zisanu, azichemwali awo awiri, ndi ine mng'ono wawo, amene andisiyira nsapato zachikasu zija zitafewa kale.

Achimwene anamaliza zomwe anayamba. Tsopano apumule mu mtendere, osayang'ananso pamkono.