Shuga Watsika

Adokotala anali atatha miyezi itatu akuyesa madzi a masamba ena akutchire pa makoswe odwala shuga, ndipo mawa lake kunkabwera akuluakulu kudzaona ngati ntchitoyo ipitirire. Atabwerako ku ulendo wa sabata ziwiri, anapeza mkulu wosamalira makoswe akusesa, munthu amene ukamuuza kanthu amachita ndendende mpaka umadandaula kuti unayankhuliranji.

"Achikulire, shuga watsika?"

"Watsika, adokotala."

"Ndinadziwa ine! Watsika bwanji?"

"Mashelefu awiri. Koma pali..."

"Za koma ayi. Mwati mashelefu?"

"Anali pamwamba paja. Pochoka munati ndionetsetse kuti watsika. Ndinachita kukwera pampando."

Adokotala anaika chikwama pansi pang'onopang'ono.

"Ndikunena shuga wa makoswe."

"Makoswe alibe wawo. Akudya wathu yemweyu."

"Akudya chiyani?"

Mkuluyo analoza khola ndi tsache. "Munalemba nokha apa: A SHUGA. Supuni imodzi m'mawa, ina madzulo. Taonani mmene anenepera."

"Mayo ine. Nanga botolo la masamba lija?"

"Latha."

"Chabwino, bola mankhwalawo anamwa."

"Ndani?"

"Makoswe!"

"Aa, makoswe anayamba liti kumwa tiyi? Munati masamba awa asadutse tsiku, kawiri pa tsiku. Ndimathira m'kapu mwanga. Kuwawa kwake, adokotala, koma ntchito ndi ntchito."

"Osathiramo shuga?"

"Shuga ndi wa makoswe. Ine si wakuba."

Adokotala anakhala pampando uja, manja kumutu. Kunena zoona anamvetsa chisoni, chifukwa miyezi itatu si masewera.

"Mawa ndiwaonetsa chiyani anthu aja? Fomu ikufuna nyama imene yamwa mankhwala masiku khumi ndi anayi, magazi ake otengedwa kumchira."

"Ndiyo 'koma' ija munaikana ija," anatero mkuluyo. "Inenso ndimadwala shuga. Dzulo kuchipatala anandiyeza, akuti watsika. Ndinawauza kuti ndikudziwa, ndinamutsitsa ndekha."

Adokotala anadzutsa mutu. Anayang'ana makoswe onenepawo, kenako mkuluyo, kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Masiku khumi ndi anayi, osadumphitsa?"

"Ngakhale limodzi."

Adokotala anavala magolovesi, natola jakisoni.

"Tembenukani, achikulire."

"Iii, adokotala, zinthu zina muzimva tanthauzo lake. Chala si ichi?"

"Fomu yati kumchira."