Mpanda Umene Unatitsekera Mphepo ya Vuma

Abale ndi alongo mwa Ambuye, mtendere ukhale nanu. Ndikufuna ndichitire umboni momwe Mulungu anapulumutsira amuna anga m'nyumba imene inatsala pang'ono kuwapha, nyumba imene eni ake ankaitcha yamakono.

Ife kwathu ndi ku Dedza. Amuna anga ndi mphunzitsi, ndipo atawasamutsira ku Mangochi tinapeza nyumba ya lendi cha ku Nkopola, pamalo atsopano amene kampani ina inamanga. Kale pamalopo panali mitengo ya mango. Anaigwetsa yonse, akuti masamba amadetsa. Khonde analikana, akuti ndi zakumudzi. Anafolera malata pafupi ndi mutu, mawindo aakulu agalasi oyang'ana kumadzulo, pabwalo ponse simenti, n'kuzunguliza mpanda wa njerwa wautali ngati wa ndende. Amene anajambula nyumbazi ayenera kuti anaziona pafoni, za kudziko kumene anthu savula majuzi. Munthu wa maso ake sangamange zotere ku Mangochi.

Mu Okutobala amuna anga anagwa ndi sitiroko. Potitulutsa kuchipatala, adokotala anandiuza kuti azikhala pozizira. Pozizira pati? Masana m'nyumbamo munkakhala ngati mu uvuni wa njerwa. Ndinkawafunditsa chitenje chonyowa, chinkauma ndisanafike pa ameni. Magetsi akazima, fani n'kuima, iwo ankangondiyang'ana, pakamwa patapotoka, osatha kunena kuti akupsa.

Ndinapita kwa apampando a komiti ya pamalopo kukapempha kuti ndimange kakhonde kaudzu ndi kubzala mtengo. Anandiseka. "Mayi, kuno si kumudzi ayi. Mutiwonongera maonekedwe." Ankayankhula ali m'galimoto pageti pawo, injini ikulira kuti iwapemerere mphepo, pakuti m'nyumba mwawomo simunkakhalika. Umu ndi momwe kunyada kumapusitsira munthu.

Ndinalira kwa Ambuye kuti atibwezere ku Dedza. Sanatibwezere. Anatumiza Abiti Jafali, mayi wachisilamu amene ankatigulitsa chambo. Tsikulo analowa kudzazonda odwala, ndipo atangowaona anagwira pakamwa.

"Amayi, bambowa mukuwakazinga? Ine nsomba zanga zomwe ndimaziika pamthunzi! Mphepo ya vuma ilowera pati muno?"

Ine wa kumapiri sindinkadziwa kuti mphepo zili ndi mayina. Anandiuza kuti vuma ndi imene imachokera kunyanja, kum'mawa, ndipo mpanda wathu unaima pakhomo pake penipeni. Madzulo omwewo ana awo anabwera ndi galimoto, tinasamutsira amuna anga kwawo, kuseri kwa mzikiti.

Kumeneko, kumene apampando ankakunyoza kuti n'kwa asodzi, nyumba zili ndi makonde otambalala, mipanda ndi ya bango yolowa mphepo, ndipo mitengo ya mango inagwirana nthambi pamwamba pa njira. Tinawagoneka pamphasa pakhonde. Anagona tulo timene sanagonepo chibwerere kuchipatala. Abiti akamapita kukaswali, ine ndinkagwada pambali pa mphasapo, ndipo palibe amene anatsekereza mnzake.

M'mawa wina vuma ikuomba, amuna anga anandigwira dzanja. Lilime linali lolemera, koma ndinamva bwinobwino: "Ndi... funditseni." Abale, ku Mangochi, mvula isanagwe, munthu kupempha chofunda! Awa anali mawu awo oyamba chigwere. Ndinalira mpaka Abiti anathamanga poyesa kuti kwagwa zovuta.

Anthu ena a lendi atayamba kuthawa pamalopo, eni nyumba yathu anafewa okha, n'kutilola kuikonza osafunsanso komiti. Mwana wa Abiti, amene anaphunzira zomangamanga, anagumula mpanda wa kum'mawa n'kuikamo njerwa za mabowo. Anamanga khonde, anaika siling'i ya bango, anaswa simenti ya pabwalo kuti mvula izilowa pansi, ndipo tinabzala mango n'kubwereramo. Amuna anga tsopano akuyenda ndi ndodo, akutsogoleranso nyimbo kutchalitchi.

Ndikuthokoza Ambuye amene anandikaniza chimene ndinapempha kuti andipatse chimene sindinkachidziwa dzina. Inu amene mukupsa m'mayesero, musaleke kugwada, ndipo musamusankhire Mulungu khomo lodzera. Apampando aja masiku ano amabwera masana, akuti kudzazonda aphunzitsi, n'kukhala pakhonde mpaka dzuwa litapendeka. Ndimawapatsa mpando, pakuti tinalamulidwa kutero. Za maonekedwe sanazitchulenso.