Kiyi wa Kabati ya Sayansi

Olemekezeka mkulu wa maphunziro m'chigawo chino, olemekezeka mafumu a kuno ku Lirangwe ndi inu mwachokera kwa Chigaru ndi kwa Kuntaja, abusa athu, aphunzitsi aakulu Mayi Kachiwanda ndi aphunzitsi nonse, apampando a komiti ya makolo, amayi amene munaponda dothi la njerwa za labotale iyi, ophunzira, amayi ndi abambo, ndakupatsani moni nonse.

Ndikuthokoza pondiitana, ndipo ndikuthokoza wotsogolera mwambo amene wanditchula injiniya wa zamagetsi, mwana wa pasukulu pano, chitsanzo cha atsikana. Munaomba m'manja mokweza, koma dikirani mumve zonse, mwina mudzafuna kubweza m'manja mwanumo.

M'chaka cha 1999 ndinali Fomu 3 m'chipinda chili apocho, ndipo sayansi ankatiphunzitsa malemu a Benson Malizani. Munthuyo analibe labotale, koma anali ndi njinga yakapalasa ndi mutu wabwino. Ankatsetsereka nayo kuchokera kumsika, nkumanga mabuleki pamaso pathu, nkutiuza kuti tigwire limu ya tayala. Tikati yatentha, iwo ankati: "Mphamvu ija inali m'miyendo mwanga inalowa m'liwiro la njinga, tsopano yasanduka kutentha. Siinafe ayi, yangosamuka." Ankatiuza kuti mu nkhuni ndi m'makala muli mphamvu yosungika, kuti malata amatiwotcha mitu mu Okutobala ngakhale sitinawakhudze, kuti supuni yosiyidwa mu tiyi imatenthera kuchigwiriro. Chipangizo chenicheni chinali chimodzi chokha, temometa yagalasi yoyezera kutentha, ndipo inkagona m'kabati yokiya. Kiyi ankasunga monitala wathu, Diana Nankhonya, amene pa fizikisi ankatisiya tonse kutali, ine ndemwe.

Chaka chimenecho makolo anaumba njerwa kuseri kwa sukulu kuti timange labotale. Uvuni unayaka masiku atatu, nkuumata ndi dothi, moto nkuzima. Patapita masiku awiri kunja kwake kunali kozizira moti mbuzi zinkagona pambali, koma a Malizani anati: "Musayerekeze kufumula. Njerwa ndi dothi sizitaya kutentha msanga, m'katimo mukadali ng'anjo." Ine, ndi makani anga aja, sindinakhulupirire. Pa nthawi ya buleki ndinati: "Diana, tandibwereke kiyi, ndingoona kanthu." Anandipatsa osafunsa, chifukwa tinali pachinzake kuyambira Sitandade 1.

Ndinaboola dothi la uvuni uja ndi kamtengo, nkulowetsa temometa ija. Kanthu kopangidwira madzi owira ndinakaika m'malo otentha kuposa pamenepo kangapo. Ndinangomva kuti thwa! M'manja munatsala kachidutswa. Ndinakabweza m'kabati, nkukiya, nkumupatsa Diana kiyi wake ngati palibe chachitika.

M'mawa mwake a Malizani anatsegula kabati ndipo sanakalipe, anangokhala pansi, zimene zinatiopsa kuposa ndodo. Anafunsa kuti: "Diana, kiyi anali ndi ndani?" Diana anandiyang'ana kamodzi kokha, ine nkuwerama ngati ndikuwerenga. Kenako anati: "Anali ndi ine, aphunzitsi." Anamutuma kukaitana kholo. Bambo ake, amene kale ankati sukulu ya mtsikana ndi kutaya nthawi, anabwera nkunena kuti: "Ngati wayamba kuwononga katundu wa boma, basi, tiyeni kunyumba." A Malizani anawatsatira mpaka pamsewu kuwachonderera, koma sizinatheke. Chaka chisanathe Diana anali pabanja.

Ine ndinakhoza, ndinapita kuyunivesite, ndinakwera ndege pa Chileka pompa kukaphunzira kunja. A Malizani anamwalira mu 2011 akudziimba mlandu kuti anathamangitsa wophunzira wawo wanzeru chifukwa cha kagalasi, ndipo ine ndinaimba nawo pamaliro pawo, choonadi ndikuchibisabe. Zaka zonsezi ndakhala ngati uvuni uja, kunja kozizira, m'kati mukupsa. Ndili ndi manyazi, ndipo ndili ndi chisoni chimene sindidziwa pokachitula.

Ophunzira, m'nyumba iyi mupeza matemometa makumi awiri, masipuling'i, mabatire ndi mbaula za gasi. Mudzayeza nokha kuti madzi amafuna mphamvu yochuluka bwanji kuti atenthe, mudzaona nokha kuti chitsulo chimapatsira kutentha msanga kuposa thabwa. Mudzaswa zinthu, zimenezo nzosakayikitsa. Mukaswa, imikani dzanja nthawi yomweyo. Aphunzitsi, galasi limagulidwa, chonde musadzatumenso mwana kunyumba chifukwa cha galasi.

Njerwa za 1999 zija zinathera kuzimbudzi, labotale sinamangidwe. Njerwa za nyumba iyi anaumba amayi a m'midzi muno, ndipo nditafunsa amene anawatsogolera kutunga madzi ndi kuponda dothi, aphunzitsi aakulu anandiuza kuti ndi Diana Nankhonya. Mayi Nankhonya, ndakuonani, mwakhala kumbuyoko pansi pa mtengo wa mango, mwavala chitenje chobiriwira. A Diana, ndine ndinaswa. Inu mukudziwa kale, koma ndimafuna Lirangwe yense adziwe. Pepani. Mpando ndakhalapowu unali wanu, ndipo ndikupempha kuti mubwere mudule riboniyi ndinu.

Ayi, musawakoke, asiyeni. Musaimbe kaye, amayi. Tidikire.

Apampando, akuti chiyani? Nenani momwe anenera, musakometse.

Akuti: "Dulani nokha, ife tinazolowera kuonera panja."

Ndamva, anzanga. Sindikuwiringula, ndipo pasapezeke munthu wowanena kuti aumitsa mtima, chifukwa pepani wa mphindi imodzi sangabweze zaka zonsezo. Ndinaganiza kuti lero ndibwerera ku Blantyre nditapepukidwa, koma ndibwerera nazo, ndipo nzoyenera.

Ndipatseni sizasiyo.

Olemekezeka nonse, mwa ulemu umene mwandipatsa, umene sindinauyenere, ndikulengeza kuti labotale ya sayansi ya pasukulu pano yatsegulidwa tsopano. Ophunzira lowani. Chitsekocho musatseke, Mayi Nankhonya akadali panja.

Zikomo kwambiri.