Kafukufuku wanga, dzina la abwana

Aulutsi, ndiwerengereni nkhaniyi, koma musatchule dzina langa.

Ndine mayi wa ana awiri, ndimafufuza za mankhwala pa kampani ina ku South Bend. Banja langa lili ku Lawrence, ku Indianapolis, ndipo ndimaliona Loweruka ndi Lamlungu basi. Kampaniyi ndi imene inandifayilira mapepala a girini khadi, chilolezo chokhazikika kuno.

Mwezi wathawu anasindikiza zotsatira za kafukufuku amene ndinachita kwa zaka zitatu. Dzina langa panalibe, panali la abwana. Nditawafunsa abwana, anamwetulira n'kunena kuti, "Mapepala anu aja sanatuluke, eti? Tiyeni tisayambane."

Sabata yomweyo kampani ina ya ku Indianapolis inandiitana ntchito, pafupi ndi ana anga. Loya wanga anandiuza kuti ndikachoka panopa, zonse za mapepala aja ziyambiranso poyambirira. Ndinalirira m'galimoto. Amuna anga anati, "Mayi, pirirani, tatsala pang'ono." Mawu amenewa anayamba kundiuza chaka chatha.

Ntchito ija ndinaikana. Lolemba ndinabwerera ku South Bend, ndipo abwana atandipatsa kafukufuku wina, ndinangomva pakamwa panga pakunena kuti zikomo.

Anzanga, musanasaine, funsitsani kuti mapepalawo akumangirirani kwa ndani. Ine ndinafunsa mochedwa.