Makina amene ndinapempherera

Abusa, akulu a mpingo, amayi anzanga, abale ndi alongo, landirani moni m'dzina la Ambuye. Ndikufuna kuchitira umboni, koma mundipirire ndikamadukiza mawu.

Ndine Mai Tembo a ku Madzimoyo. Papita nthawi ndisanaponde m'nyumba muno, ndipo ena munkati ndagwa. Sindinagwe. Ndinkachita mantha.

Chaka chija korona inavuta m'nyengo yozizira, tinali titangomaliza kukumba mtedza. Amuna anga, aTembo, anayamba ndi chifuwa. Tinkati ndi fumbi la mtedza. Tinawafukiza bulugamu, tinawamwetsa mandimu. Patatha masiku asanu anagwa pafupi ndi nkhokwe, mpweya ukuwathawa.

Kuchipatala ku Chipata anawalowetsa, ine anandibweza pageti. Zodikirira wodwala pambali pa bedi kunalibe. Tinkakhala kunja kwa mpanda, kudikira kuti anesi atuluke atchule dzina. Pamenepo ndinadziwana ndi Mai Zulu a ku Kapata. Amuna awo anali m'chipinda chimodzi ndi anga, cha odwala mwakayakaya. Mayi amenewo, abale anga, anandisunga. Ine wakumudzi ndinalibe kogona, iwo ananditengera kwawo, kundipatsa chitenje ndi madzi osamba. Tinkapemphera titagwirana manja.

Tsiku lina adokotala anandiitana. Anati mapapo akuyesetsa, koma matenda atsikira ku impso. Masiku awiri aTembo anali asanakodze ngakhale dontho, thupi litatupa, zoipa zitadzaza m'magazi. Anati pakufunika makina otsuka magazi, aja amakoka magazi kudzera m'kapaipi ka pakhosi, kuwasefa, n'kuwabwezera m'thupi. Koma kumbali ya odwala korona makinawo anali amodzi, ndipo anali pa munthu wina amene sakanakhala moyo atamuchotsapo. Ndinafunsa za ku Lusaka. Anati mmene alili, ndi ku Katete komwe, pafupi pompa, sangafike.

Sindinafunse kuti munthu winayo ndani. Mukundimva, amayi? Sindinafunse. Ndinapita kuseri kwa mpanda, ndinagwada pafumbi, ndinati: "Ambuye, masulani makina aja. Njira yake mukuidziwa ndinu, koma amasuke."

M'mawa mwake anesi anatuluka n'kutchula dzina la Mai Zulu. Amuna awo anali atatisiya. Mayi aja anagwa pansi, ndipo ndinawagwira ndine, ndi manja anga omwewa. Ndili chiwagwirire, anesi omwewo anabwerera n'kundinong'oneza kuti ndikasaine pepala, makina apezeka. M'pamene ndinadziwa amene anali pa makinawo.

Ndinawasiya ali pansi, abale. Ndinawasiya, ndinapita kukasaina.

Abusa mwandiuza kale kuti pemphero silipha munthu, kuti bambo aja anapita ndi matenda awo. Mutu wanga unamva. Mtima sunamvebe. ATembo atatuluka m'chipatala, ndinapita ku Kapata kukaulula. Mai Zulu anandimvetsera ali chiimire pakhomo, kenako anati: "Inenso ndinkapempha kuti makinawo asachoke pa amuna anga, ngakhale wina afe. Tonse tinapempha, mai. Pitani mukasamale anu." Sanakalipe. Koma mpando sanandipatse, ndipo sitinaonanenso.

Mwina mukudikira ndinene kuti aTembo anachira. Korona inachoka, koma impso sizinadzukenso. Adokotala ankati tidikire milungu ingapo, kenako anati miyezi, tsopano sanenanso kanthu. Kawiri pa mlungu timakwera basi kupita ku Chipata, iwo amagona pa makina theka la tsiku, amatsika atatsamira ine. Madzi akumwa ndimawayezera m'kakapu kakang'ono, ngakhale m'mwezi wa Okutobala dzuwa likuswa mtengo. Amandiyang'ana ndikamabisa chigubu. Munthu amene ankasenza thumba la chimanga yekha, lero khasu limamugonjetsa. Munda wathu wakumtunda wabwerera tchire. Tsiku lina tili m'basi anandiuza motsitsa mawu kuti, "Mukanangondisiya, amake Grace." Ndinayang'ana pawindo mpaka tinafika.

Ndiye mwina mukufunsa kuti umboni uli pati. Uli kumbuyo uko, pafupi ndi chitseko, wavala jekete yotuwa. Lero aTembo anadzuka okha, anameta ndevu, anati tiyeni kutchalitchi. Ndi zokhazo zimene ndabwera nazo. Za mawa sindikuzidziwa.

Ndikuthokoza Mulungu chifukwa cha mpweya umene uli m'chifuwa chawo. Ndikuthokoza adokotala ndi anesi aja, amene nkhope zawo sindinazione chifukwa cha zotchinga kumaso. Mukamapemphera, mukumbukire mayi wamasiye wa ku Kapata musanakumbukire ine.

Kondwerani nane, abale. Ndikupempha, kondwerani m'malo mwanga, chifukwa ine nyimbo siikutuluka. Yambitsani inu amayi, ine ndiima pompano ndizimvera. Amen.