Ndinamulongedzera khasu popita kumpira

Abusa, moni. Abale ndi alongo, mtendere wa Ambuye ukhale nanu. Ndikufuna kuchitira umboni. Amayi a kwaya, lekani kuyang'ana dzuwa, lero sinditalikitsa.

Mukumudziwa mdzukulu wanga Zeka, wa miyendo ngati bango uja. Aphunzitsi ake anabwera kunyumba, akuti, "Agogo, mwana wasankhidwa. Sukulu ikatsekera apita ku Zambia ndi anzake kukaphunzira mpira."

Abale, malire olowera ku Zambia a pa Cassacatiza ndimawadziwa ine. Tinawoloka pamenepo nthawi ya nkhondo, mfuti zikulira kumbuyo, ndipo pobwerera mayi a ana anga ndinawasiya kutsidyako, m'manda. Kwa ine wowoloka malire ndi wothawa, ndipo wothawa sadziwika ngati abwera.

Ndiye ndinamulongedzera mmene tinkalongedzera ife: kampoto, mchere, mbewu ya chimanga m'kansalu, ndi khasu logulula mpini. Musaseke a Jowakimu, inu munathawa mutasenza mtondo!

Mwana akuti, "Agogo, kumeneko chakudya chiliko."

Ndikuti, "Nafenso anatiuza choncho."

Apolisi a pamalire atatsegula chikwama chake, akuti anamufunsa, "Iwe, ukukasewera mpira kapena ukukatsegula munda?" Anzake anagwa nako kuseka.

Koma ine kuno sindinkaseka. Chakudya chosatsika. Njinga yamoto ikangolira, ine ndili kale pamsewu. Ndinapemphera, ndinapemphera, ndikuti, "Ambuye, mmodzi munamusunga kutsidyako. Uyu yekha ndibwezereni."

Anabwera, abale! Anabwera ndi miyendo yake yomweyo, masaya okha ndiwo anawonjezera. Mwana amene ankadzuka mbuzi zitakhuta kale, lero amandidzutsa ine. Zovala achapa yekha. Kusukulu sajomba, poti ophunzitsa mpira anawauza kuti wojomba samutenganso. Wasonkhanitsa ana a m'mudzi muno, a mpingo uno ndi a kudambwe omwe, gulu limodzi, akupatsirana mpira m'malo mwa miyala. Ngakhale ine anandiimika pagolo, akuti ndimagwira bwino ndi mimba.

Dzana wandiuza kuti, "Agogo, chaka chamawa ndipitanso." Ndinangomva pakamwa panga pakuti, "Pita, mwanawe." Ine amene! Pamenepo ndinadziwa kuti nkhondo yatha ndi mumtima mwanga momwe.

Zikomo Yesu, zikomo. Amayi lulutirani, abambo ombani m'manja, kondwerani nane. Ana athu akuwoloka malire n'kubwerako!